Tsiku Loonetsa Manja

Mpaka lero ndikamva fungo la fodya wouma ndimapsa mtima, ngakhale kuti ndinabadira m'dziko la fodya lomwe lino la Kasungu.

Nthawi imeneyo ndinkagulitsa tomato pamsika, komanso ndinali m'gulu la amayi a pasukulu ya pulaimale ya kwathu. Ntchito yathu inali kusaka ana osiya sukulu ndi kuwabweza m'kalasi. Malipiro ake anali kutukwanidwa ndi makolo basi.

Mtsikana wina ndinampeza padepoti akugulitsa mazira ophika a azakhali ake. Makolo ake anali matenanti a fodya ochokera ku Mulanje, ndipo chaka chilichonse ankasamukira esiteti ina. Sukulu anaisiyira sitandade faifi chifukwa cha kusamukako. Azakhaliwo ndinalimbana nawo mpaka anatopa nane, mwana n'kulowanso m'kalasi. Anali wamtali kuposa anzake onse, ankamuseka kuti agogo, koma iye sankajomba. Teremu isanafike pakati, osekawo ndi amene ankamukopera masamu.

Mvula itayandikira kunabwera bambo ake kuchokera ku Wimbe. Kumeneko mwini esiteti akamalemba tenanti sayang'ana bambo yekha. Banja lonse limaima pamzere, iye n'kuona kuti manja ogwira ntchito alipo angati. Wa manja ochepa amabwezedwa.

"Mayi, ndibwerekeni mwanayu Loweruka lokha," anatero bambowo chipewa chili m'manja. "Akangoima pamzere abwana amuone. Lolemba mumuona m'kalasi."

Ine ndinakana. Anzanga a m'gulu anandizizira, amvekere mwana ndi wa eni ake, usachite ngati unabereka ndiwe. Mwanayo anapita. Febuluwale anakwana, Lolemba lija lisanafikebe.

Ndinatseka benchi yanga ya tomato, ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, m'matope monsemo mpaka kuesitetiko. Pachipata panali chikwangwani chachikulu choti pano sitilemba ana ntchito. Mwini wake ndinampeza pakhonde akumwa tiyi, munthu wonenepa bwino, mkulu wa mpingo, ana ake onse ali kusukulu zogonera konko.

"Mayi, mwaona chikwangwani?" anandifunsa akumwetulira nditamuuza za mwanayo. "Ine ndinalemba bambo wake. Zoti iye akuthandizidwa ndi ndani m'chigafa mwake, ndi za m'banja mwawo."

Ndinamuyankha kuti ngati ndi choncho, pamzere paja ankawerenga chiyani, mbuzi? Anangoitana kapitawo kuti andiperekeze. Munthu wotere Lamulungu amakhala kutsogolo n'kumapempherera ana amasiye, maso ali tsinzini. Ndinkafuna kumuthira tiyi wakeyo kumaso, ndipo sindibisa, mpaka pano ndimalakalakabe.

Mtsikanayo ndinampeza m'chigafa, mokolekamo fodya kuti aume. Anakhala pansi pakati pa milu ya masamba akusoka, manja ali bii ndi phula la fodya, maso ofiira. Anali atawonda. Atandiona anagwada n'kundilonjera ngati ndabwera kudzacheza.

"Dzuka, tenga zovala zako," ndinatero. "Njinga ikudikira panja. Abambo ako ndithana nawo ndekha."

Bambowo anali pomwepo, akupachika mikangala, timitengo tokolekapo fodya. Sanatsutse. Anangoti abwana akaona manja achepa amadula phoso, chimanga chimene banja limadya podikira kugulitsa fodya. Ndinawakalipira kwambiri, ndinawauza kuti mwana si khasu lobwereka. Iwo anangoyang'ana pansi. Chimene chinandiwawa n'chakuti mawu onse amene ndinalephera kumuuza wa tiyi uja ndinawakhuthulira pa munthu wa nsapato zong'ambika.

Tili mkati molankhula, kunalowa kamtsikana kakang'ono kochokera kusukulu ya pafupi, makope ali m'pepala la shuga. Kanali kamng'ono kake. Kanakhala pambali pa mkulu wakeyo n'kutola singano, koma iye anakalanda n'kukauza kuti kapite kakadye kaye.

Kenaka anandiyang'ana.

"Amayi, ine ndikufuna kubwera, Mulungu akudziwa. Koma ndikakwera njingayo, mawa pano pakhala uyu. Panopa akupita kusukulu chifukwa ine ndilipo."

 Anaweramanso n'kubaya tsamba lina.

Wakabaza atandiona ndikutuluka ndekha anafunsa ngati tidikire mwanayo. Ndinamuuza kuti alize njinga tizipita.