Loko wa Eleuterio

A Crisólogo Ayaviri akhala paphiri la kumtunda kwa mzinda wa Oruro zaka makumi awiri ndi zitatu, akusamala mlongoti wa wayilesi ya anthu a kumigodi. Mkazi amene anali naye anapirira mphepo ya kumeneko chaka chimodzi chokha, basi n'kulongedza. Padzanja lawo lamanja pali chipsera chomwe anachipeza ali mnyamata, tsiku limene wina anayatsa makina iwo ali pamwamba pa mlongoti. Mafunde a wayilesi saoneka, koma ukawayandikira amawotcha mnofu ngati mbaula.

Kuyambira pamenepo, lamulo lawo silinasinthe. Wokwera aliyense azimitse makina, akhome swichi ndi loko wakewake, kiyi aike m'thumba. Loko wa mnzako sukhudza, kaya walamula ndani. Ndipo usanayatse, ima patsinde pa mlongoti, uitane dzina la amene unakwera naye. Akatswiri a kuyunivesite atabwera ndi timakina tawo toyezera, anajambula mzere wachikasu pansi n'kusiya malamulo omwewo papepala.

"Sukulu yonseyi kuti mudzandiuze zomwe dzanja langa likudziwa kale?" anatero a Crisólogo.

Mlendo wawo anali mmodzi yekha, a Eleuterio Colque, mnzawo wokwera naye mlongoti. Ankabwera Lachiwiri lililonse, masamba otafuna a koka ali m'thumba, pakamwa posatseka.

"Iwe nkhalamba, ukadali moyo? Ine ndimati ndikupeza utauma gwa!"

"Ndikudikira utsogole ndiwe, undionere njira," ankayankha a Crisólogo.

Masiku ena onsewo a Crisólogo ankayankhula ndi ketulo.

Lachiwiri lina anazimitsa makina, aliyense n'kukhoma loko wake, kuti akasinthe nyale yofiira ya pansonga. Potsika, a Eleuterio anakhala pansi atagwira pachifuwa. Lole ya kumgodi inawathamangitsira kuchipatala atavala ovolosi yomweyo, kiyi ali m'thumba. Lachinayi anamwalira. Wayilesi inali zii, poti loko wawo anali akadali paswichi.

Tsiku lotsatira maliro, a Zenteno, mkulu wa wayilesi, anakwera phirilo akupuma wefuwefu.

"Madala, dulani lokoyo. Anthu akutitukwana kumunsiku."

"Bwana, lokoyo si wanga."

"Mwini wakeyo tamuika dzulo!"

"Ndikudziwa. Bokosi ndinanyamula nawo."

"Ndiye mukudikira kuti adzuke? Pofika Lolemba wayilesi ikapanda kumveka, ndibwera ndi munthu wa sowo, inu mutsike ndi katundu wanu."

Atsike apite kuti? Kumunsiko analibe ngakhale mpando wawowawo. Sowo anali nayo ndithu, ili pamsomali kuseri kwa chitseko, ndipo Loweruka lonse anakhala akuiyang'ana. A Zenteno sankanama, wakufa sakwera mlongoti. Koma ukadula loko mmodzi chifukwa ukudziwa kuti pamwamba palibe munthu, mawa udzadula wina chifukwa ukungoganiza choncho. Amene anawawotcha dzanja uja nayenso ankaganiza.

Lamulungu a Crisólogo anavala jekete yawo ya kumaliro n'kutsika. Nyumba ya a Eleuterio anachita kufunsira, poti zaka zonsezi anali asanapondeko, ndipo tsiku la maliro anangofikira kumanda. Zimenezi zinawachititsa manyazi. Anapeza mkazi wa malemuwo, mayi Benigna, akusenda mbatata pakhonde.

"Alamu, mwatsika inu? Kukugwa chiyani kuphiriko?"

"Pepani mlamu, ndabwera ndi nkhani yosayenera pa nthawi ino. Kiyi wa anzanga."

Mayi Benigna analoza ovolosi yomwe inali pachitseko. "Sindinaichape. Pisanimo nokha, ine manja akukana."

M'thumba munali kiyi, ndi masamba a koka atafota. Mayiwo anawapatsa api wotentha, chakumwa cha chimanga, m'kapu ya malemuwo.

"Ankakunenani tsiku ndi tsiku, mpaka ndinkatopa nazo," anatero. "Amati Lachiwiri ndilo tsiku lomwe amapuma."

A Crisólogo anaika kiyi uja m'thumba. Anamwa n'kutsanzika.

Anafika paphiri dzuwa likadali pamutu. Anatsekula loko wawo, kenako wa a Eleuterio, amene anavuta pang'ono monga mwa nthawi zonse. Chinatsala n'kukweza swichi basi. Koma miyendo inawatengera panja, kudutsa mzere wachikasu uja, mpaka patsinde pa mlongoti. Anayang'ana makwerero onse mpaka pansonga, n'kuika manja pakamwa.

"Eleuterio! Watsika?"

Zingwe za mlongoti zinkangolira ndi mphepo. Anaitananso kachiwiri, n'kudikira nthawi yonse imene munthu amatenga kuti atsike kuchokera panyale yofiira. Apa m'pamene chisoni chinawagwira, chomwe kumanda sichinabwere, ndipo analira ngati mwana, popanda wowaona.

Atapukuta m'maso analowa n'kuyatsa makina. Kawayilesi ka patebulo kanayamba kuimba. Loko wa a Eleuterio anamukoleka pamsomali, pamodzi ndi sowo ija, n'kuteleka ketulo. Madzi anathira a kapu imodzi.