Ndime ya Zikhomo Zofiira

A Benedicto anabwera kuno ku Kabudula ali mnyamata, kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya. Kwawo ndi ku Thyolo, koma kwawoko kunangotsala dzina. Pomwe esiteti inkatsekedwa n'kuti atakwatira kale mayi Eliness a m'mudzi mwathu, nakhala mkamwini. Mayiwo atamwalira osasiya mwana, akuchikazi anawasudzula monga mwa mwambo, kuti ndi omasuka kubwerera kwawo. Iwo anathokoza, n'kukhalabe pakhonde pomwepo, poti kopita kunalibe. Anawasiyira kamunda kogundana ndi kanga. Palibe anawathamangitsa, komanso palibe ankawayendera. Ine zimandikwiyitsa: mudzi wathu umadziwa kulira maliro, koma wotsalayo timamuiwala dothi la pamanda lisanaume.

Chaka china kunabwera anthu ochita kafukufuku wa chimanga. Ankafuna kudziwa chomwe chimapindulitsa pa nthaka yathu yotopayi, kaya manyowa, kaya feteleza, kaya ziwirizi pamodzi. Alimi oti ayeserepo sanawasankhe poyang'ana nkhope. Analemba mayina pa timapepala, kuponya m'chipewa, wina n'kumatola atatsinzina. Dzina la a Benedicto linatuluka. Ena anang'ung'udza kuti mwayi wagwera mkamwini, koma maere alibe m'bale.

Woyang'anira minda ya kuno anali Lydia, mtsikana woyenda pa njinga yamoto. Anagawa munda wa a Benedicto m'ndime zinayi zofanana, ndi chingwe ndi zikhomo. Poti ndime iti ilandire chiyani, anachitanso maere. Imodzi manyowa, ina feteleza, ina zonse ziwiri. Yachinayi, ya zikhomo zofiira, inagwera kumalire ndi munda wanga.

"Iyi musathiremo kanthu, agogo," anatero Lydia. "Kupalira kokha. Ndi yoyerekezera. Popanda iyi sitingadziwe ngati zinazo zakula chifukwa cha zomwe tathira kapena mvula chabe."

"Ndiye izingoonerera zinzake zikudya?" anafunsa a Benedicto.

"Eya. Ntchito yake ndi imeneyo."

Anawauzanso kuti minda yomwe iyende bwino adzaigwiritsanso ntchito chaka chamawa ndi chinacho. A Benedicto mawu amenewa anawasunga kuposa mbewu.

Lydia ankabwera pafupipafupi kudzayeza kutalika kwa chimanga ndi kuwerenga masamba. Akamaliza ankakhala pakhonde, a Benedicto n'kumukazingira mtedza. Munthu amene ankatha masiku osatsegula pakamwa anayamba kuchapa malaya, n'kukonza kampando kothyoka mwendo. Ndinkawaseka kuti akhala ngati akudikira apongozi. Ankamuuza Lydia za minda ya tiyi ya kwawo, za mayi Eliness, nkhani zomwe ife oyandikana nawo sitinazifunsepo.

Mu Januwale ndime zitatu zinabiriwira mpaka kuda. Yachinayi inasanduka yachikasu, chimanga chongofika m'mawondo. Ndinkawaona ataima pamenepo, khasu lili paphewa.

"Amayi, ndikadutsa apa ndimachita manyazi," anandiuza tsiku lina. "Chimangachi chikundiyang'ana."

"Chisiyeni, munauzidwa," ndinatero. Koma ndinkawamvetsa. Mlimi kuona mbewu ikufa ndi njala pamunda pake, manja amayabwa.

M'mawa wina ndinawapeza ndi dengu la zitosi za nkhuku, akuthira phando ndi phando pa ndime yofiira ija. Ndinawakalipira kuti akuwononga ntchito ya mwana wa eni ake.

"Pang'ono pokha," anatero osadzutsa mutu. "Chingolawako. Kuiwalidwa anzako akudya ndimakudziwa ine."

Chimanga chija sichinasunge chinsinsi. Lydia atabweranso anapeza masamba akubiriwira, nagwada, n'kufukula patsinde ndi chala. Anawafunsa, ndipo iwo sananame. Mtsikanayo sanakalipe. Anakhala pa mzere nthawi yaitali, tepi yoyezera ili m'manja.

"Agogo, munda uno sindingauwerengerenso," anatero pamapeto pake. "Popanda yoyerekezera, ndime zinazi sizikutiuza kanthu. Manambala akatinamiza ife, nafenso tikanamiza alimi onse."

Lydia anakawapepesera kwa akuluakulu ake, koma sizinatheke, ndipo akuluakuluwo sindingawadzudzule. Ulendo wotsatira anadzazula zikhomo, n'kuzimanga kumbuyo kwa njinga. A Benedicto anamupatsa mtedza m'kapepala.

"Mudzadutsako, eti?" anamufunsa.

"Ndikapeza mpata, agogo."

Mpatawo sunapezeke. Mafuta a njinga ndi a ntchito, ndipo ntchito inali m'minda ya ena. Njingayo timaimvabe ikudutsa mumsewu wa ku Nsaru. A Benedicto amasiya zomwe akuchita, n'kutchera khutu mpaka phokoso litatha. Chaka chimenecho ndime yofiira ija inabereka bwino, koma chimanga chake anachidya okha. Ine ndimawapitira ndi ndiwo nthawi zina, amathokoza, koma mtedza sandikazingira.

Dzinja lino ndinawaona akuyeza munda ndi luzi, akukhoma timitengo. Agawanso ndime zinayi, popanda wowatuma. Zitatu athiramo zitosi ndi kafeteleza komwe anapeza. Yachinayi amangirira tinsanza tofiira pa timitengo take, ndipo sanathiremo kanthu. Ndinawauza kuti kumeneko ndi kudzimana chakudya, munthu wa kamunda kamodzi.

"Ndikupalira kokha," anatero. "Lydia aone kuti ndinamva."

Maere sanachite ayi. Ndimeyo aiika dala m'mbali mwa njira yotulukira kumsewu, pomwe wodutsa pa njinga angaione. Chimanga chake ndi chachikasu, chofika m'mawondo, ndipo iwo akamadutsapo amayang'ana kumbali.