Makumba anga sachoka m'damu

Ana anga, mwaswera.

M'mawa uno kwabwera abambo ena a galimoto, akuti achokera ku Balaka. Angolunjika kudamu langa la nsomba, osayamba alonjera pakhomo.

Akuti makumba angawa pa Chingerezi ndi "sikilidi", dzina limodzi ndi chambo chomwe, ndipo azungu amaweta m'magalasi. Amafuna aakazi okhaokha, aja osunga ana m'kamwa, kuti andipatse matumba awiri a chimanga.

Ndawayankha kuti, "Iyayi bambo, imeneyo ndi mbewu."

Inde, ufa watsala wa mawa basi, kenako tiziwiritsa mango aawisi. Koma chimangacho chikatha, damu lopanda nsomba zoswa lidzandipatsa chiyani? Sindigulitsa.

Tsono ndiuzeni, ndani mwa inu anawauza kuti ndili ndi damu?