Ndinadikira Dzuwa M'malo Mopempha Ondikankha

Ndinachedwa kukaona mng'ono wanga Lameki ali moyo, ndipo amene anandichedwetsa ndine ndemwe. Kwathu ku komboni ya Matero nkhaniyi imakambidwa mosiyanasiyana. Ena amati galimoto yanga inalodzedwa. Ena amati ndinakana dala kupita chifukwa cha chidani. Onsewa amanama, ndipo popeza ndakalamba, ndaona kuti ndi bwino ndiikonze ndekha nkhaniyi.

Zinali m'zaka zija pamene tinkadzuka m'mamawa kukaima pamzere wa ufa ndi sopo, ndipo zitsulo za galimoto zinkasowa m'masitolo. Ine ndinali kalaliki m'tauni, munthu wofika Fomu Faivi, wovala tayi. Ndinali ndi kagalimoto kakale kotsegula kumbuyo. Lameki sukulu anailekera panjira, ndipo ankakonza magalimoto pansi pa mtengo wa mango ku Marapodi.

Itafika Juni, galimotoyo inayamba khalidwe lachilendo. M'mawa wina ndikapotoza kiyi inkalira bwinobwino. M'mawa wina inkangoti kete, magetsi n'kufooka, basi zii. Koma dzuwa likakwera, boneti n'kufunda, inkalira ngati sinalakwepo. Ine ndinagamula kuti vuto ndi batire, pakuti tinaphunzira kusukulu kuti kuzizira kumafooketsa batire.

Loweruka lina Lameki anabwera kudzationa. Anandiuza kuti ndipotoze kiyi katatu, kenako anapisa dzanja m'munsi, pamene waya wonenepa wochokera ku batire amamangidwa ku chitsulo cha galimoto.

"Ba mkulu, si batile iyi," anatero. "Gwilani apa. Mwamvela kupya? Pamene papya ndiye pali matenda. Nguwe, ija mumati dzimbili, yadya, nati yomangila waya yamasuka. Kukazizila vinthu vimakwinyika, moto siupita bwino. Nipaseni chabe sipanala na sandipepa."

Inu owerenga, dzanja langa sindinalitambasule n'komwe. Pakhondepo panali anansi atatu, ndipo ndinaona ngati wandivula pamaso pawo. Ndinamufunsa kuti sayansi ya magetsi anaiphunzira mu kalasi iti. Anansi anaseka. Iye anapukuta manja pa ovolosi yake, nati, "Chabwino, ba mkulu, motoka ni yanu." Sanadikire ngakhale tiyi amene mkazi wanga anali atateleka.

Ndinasinthanitsa wailesi yanga ndi batire lina, ndipo galimoto inayamba kulira, chifukwa chaka chimenecho kunja kunafulumira kufunda. Ndinalengeza kwa aliyense kuti matenda ndawatha. Mwezi womwewo ntchito itachepa m'tauni, Lameki anasamukira kumudzi ku Katete ndi banja lake. Sindinapite kukamutsanzika. Ndinkati tidzaonana pa Khirisimasi, koma sitinaonane.

Chaka chotsatira, kuzizira kutabweranso, vuto lija linabwerera. Muyenera kudziwa kuti m'komboni mwathu kukankhana galimoto m'mawa sinali nkhani. Munthu ankangoima pamsewu n'kukuwa, amuna opita kuntchito n'kuika zikwama pansi, kukankha, n'kumapita akuseka. Ine ndekha ndinkaona kuti zimenezo n'zochotsa ulemu. Ikakana, ndinkatseka geti, kukwera minibasi, n'kumauza anthu kuti ndikusunga petulo.

Madzulo ena mu Julaye kunafika mayi wina wochokera kumudzi ndi uthenga wakuti Lameki wadwala kwambiri ndipo akundiitana. Mabasi a kum'mawa masiku amenewo anthu ankawagonera pasiteshoni, choncho ndinakonzeka kunyamuka pa galimoto 6 koloko m'mawa. Kutacha ndinapotoza kiyi. Kete. Ndinapotozanso. Kete.

Mkazi wanga anati, "Atate a Tisa, amuna ndi awo akudutsa. Ndiwaitane?"

Ndinamukaniza. Pakati pa odutsawo panali awiri mwa anansi aja amene anaseka Lameki, omwenso ndinawauza kuti galimoto ndinaichiritsa. Ndinati dzuwa lituluka posachedwa. Koma tsiku limenelo kunali mitambo ndi kamphepo kaja ka mu Julaye. Ndinathira madzi otentha pa batire, ndinagogoda sitata ndi mwala, ndinakhala m'galimoto nditavala jekete, kuyang'ana kumwamba. Mawu a Lameki ndinawakumbukira, koma kugwira waya uja kukanakhala kuvomera. Galimoto inalira nthawi itapitirira 11 koloko.

Msewu unali wa maenje okhaokha. Ndinafika kumudzi kutada, ndipo ndisanazimitse injini ndinamva kulira kwa amayi. Lameki anali atatsirizika dzuwa litapendeka. Ndikananyamuka nthawi imene ndinakonza, ndikanamupeza akulankhula.

Titaika maliro, mlamu wanga, mkazi wa Lameki, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anati m'mawa wa tsiku lomalizalo mwamuna wake anafunsa ngati kunja kwazizira. Atamuuza kuti inde, anamwetulira, nati, "Ndiye kuti ba mkulu bazachedwa. Osabakalipila, ni waya uja."

Nditabwerera ku Matero ndinapotoza kiyi katatu m'mawa, ndinapisa dzanja pamalo paja. Panali potentha. Ndinamasula nati, ndinapala dzimbiri ndi sandipepa, ndinamanganso. Ntchito yonseyo sinakwane nthawi yowiritsa tiyi. Galimotoyo inalira m'mawa uliwonse mpaka tsiku limene ndinaigulitsa.

Lero kukazizira ndimadzuka ndisanafune. Ndimalakalaka Lameki atalowa pageti paja ndi ovolosi yake yamafuta, anditchule ba mkulu, andigwire dzanja ndi kuliika pamene patentha. Ndikanamupatsa mpando wanga, tiyi uja n'kumwa.

Inu owerenga, galimoto ikamakana m'mawa wozizira koma n'kulira masana, musathamangire kutsutsa batire. Gwirani mawaya pamene amangidwa, mufune potentha. Wina akakuuzani zoona, musayambe mwamufunsa sukulu imene anafika. Ndipo ikakana pa tsiku limene m'bale wanu akukuitanani, tulukani pamsewu mukuwe, anthu akukankheni.

Ndakonza zonena za anthu a ku Matero, tsono ndikonzenso za mng'ono wanga. Pa galimoto sanalakwitsepo. Analakwitsa kamodzi kokha, pamene anandikhululukira ponena kuti ndi waya. Sanali waya, Lameki. Ndinali ine.