Fayilo nambala 412

Mlamu wanga sankasintha kalikonse mu pulogalamu asanatsegule fayilo nambala 412. Ankaiyang'ana kaye, n'kuyamba ntchito. Akamaliza ankaitsegulanso.

Tinkagwira ntchito pachipatala chimodzi, iye ku makompyuta m'chipinda chapamwamba, ine kosunga mbiri za odwala. Fayiloyo ndinatayipa ndine nditangophunzira XML, kalembedwe kamene mzere uliwonse umautsegula ndi chizindikiro n'kuutseka ndi china. Ine ndinkaiwala kutseka, ndipo mu 412 ndinaiwala malo asanu. Pulogalamu yakale yowerengera mafayilo inkangondikhululukira.

Chaka china akuluakulu anafuna kuti namwino akatsegula bulawuza, pulogalamu yoonera masamba pakompyuta, mbiri ya wodwala izituluka yoyalidwa m'mizere, dzina apa, mankhwala apo. Panafunika pulogalamu yatsopano yotha kutsatira malamulo a kaonekedwe ka tsamba. Koma yatsopanoyo inalibe chisoni. Ikapeza mzere umodzi wosatseka, tsamba lonse linkangoti mbee.

Pamsonkhano bwana anati mafayilo olakwika asiyidwe, ndipo anafunsa kuti anawatayipa ndani. Ambiri anali anga. M'mafayilomo munali anthu amene ankabwerabe kudzatenga mankhwala, ena thupi lawo limadana ndi jakisoni wakutiwakuti, ndipo zimenezo zinalembedwa mmenemo basi. Mlamu anangoti amupatse masabata atatu. Dzina langa sanalitchule.

Analemba kapulogalamu kotseka mizere yotsala yosatseka fayilo isanafike kwa yatsopanoyo. Masana ena anatsika kwanga ndi mapepala.

"Alamu, mwayi wake inu mumalakwa mofanana nthawi zonse. Mukanamasinthasintha tikanavutika."

"Mlongo wanu amateronso," ndinamuyankha.

Anaseka pang'ono n'kubwerera pamwamba. Nkhaniyo sitinaikambenso, ngakhale kunyumba.

Patapita zaka maso anayamba kumuvuta, ndipo anapempha kupuma pantchito. Tsiku lomaliza ndinakwera kukamuthandiza kunyamula mabuku. Ndinamupeza akusiyira ntchito mayi amene anamulowa m'malo. Mlamu anatsegula 412, nkhope pafupi ndi sikirini. Dzina la wodwala linatuluka, mankhwala ali m'malo mwake. Mayiyo anafunsa ngati angaikonze fayiloyo kuti nkhani ithe.

"Ayi, isiyeni yokhota choncho. Tsiku limene idzakane kutseguka, mudzadziwa kuti mwawononga china."

Anaiyang'ananso kanthawi, n'kuitseka, n'kundipatsa katoni yolemera.