Makalata Atatu M'kabati ya ku Tchalitchi

Mpaka lero ndikakumana ndi alembi a mpingo wathu pa msika wa Lirangwe, ndimalakalaka kupatuka. Amandipatsa moni akumwetulira, ine n'kuyankha chifukwa amayi anandilera bwino, basi.

Achimwene anga anaduka mwendo pa kampani ina yophwanya miyala cha ku Chileka. Lole inabwerera m'mbuyo iwo ali potero ndi fosholo. Eni kampani anakana kupereka chipukuta misozi, ati anali waganyu chabe. Waganyu, munthu woti wakalambira pa miyala yawoyo! Mlandu woyamba tinaluza. Tinachita apilo, ndipo a khoti anati adzalemba kalata yotiuza tsiku lokasiya mapepala a dokotala. Achimwene sankalota zolemera ayi. Ankangofuna mwendo woikirira kuti abwerere kukasaka ntchito, ana awo awiri adye.

Kwathu kuno palibe amene ali ndi bokosi lake ku positi. Tonse timalemba keyala ya tchalitchi. Alembi amakatenga makalata, Lamulungu pa zolengeza amaitana mayina, ndipo mwini kalata amakailandira kuseri mapemphero akatha. Keyala imeneyo ndinalemba ndine pa fomu, ndi dzanja langali.

Nthawi imeneyo mlamu wanga anali atathawa, ati sangathe kusamala munthu wolumala. Amene anabwera ndi mayi wina wogulitsa tomato. Ndiye ankatsuka bala, ndiye ankawagwirizira popita kuchimbudzi. Mayiyo atasamukira m'nyumbamo, akulu a mpingo anakhala pansi n'kuwadula achimwene mu mpingo chifukwa chokhala ndi mkazi wosadalitsa. Pamene bala linkanunkha, palibe mkulu ndi mmodzi yemwe amene anapondako pakhomopo.

Ine Lamulungu lililonse ndinkatchera khutu pa zolengeza. Zii. Tsiku lina ndinawafunsa alembiwo, "Kodi ya achimwene sinafike?"

"Mukamva dzina pa zolengeza, amayi, ndiye kuti yafika," anatero.

Mvula inagwa, tinapalira, tinakolola. Nditatopa, ndinakwera minibasi kupita ku khoti m'tauni. Mayi wa pa kauntala anatsegula fayilo n'kundiuza kuti apilo inathetsedwa kalekale. Anatilembera katatu, ife osabweretsa mapepala, masiku n'kudutsa. Tinapempha kuti mlandu utsegulidwenso. Achimwene anakwera masitepe a khotilo ndi ndodo, thukuta lili kamukamu, koma oweruza sanachedwe nafe. Anati makalata anapita ku keyala imene tinapereka tokha, ndipo nkhani yathera pomwepo.

Titatsika minibasi achimwene analunjika kwawo, koma ine sindinapite kunyumba. Ndinawapeza alembi ku tchalitchi akusanja mabuku a nyimbo. Ndinawafunsa za makalata a khoti aja. Anatsegula kabati, n'kutulutsa maenvulopu atatu osatsegula, atamangidwa bwinobwino ndi kalabala.

"Dzina la munthu wodulidwa sititchula kutsogolo kwa mpingo," anatero. "Akanabwera kudzalapa, akanawapeza pomwepa."

"Nanga ine bwanji simunandipatse? Si ndinakufunsani?"

"Kalata ya mwini sitipatsa munthu wina, amayi."

Asa! Anaona chidindo cha khoti pamwamba pake katatu konse, n'kutseka kabati, n'kukayambitsa nyimbo. Ndinawauza mawu amene sindingawalembe pano, ndipo sindinapepese.

Achimwene ndinawapeza pakhonde, mayi uja akuwameta tsitsi. Ndinkaganiza kuti akalipa, kapena ataya makalatawo pamoto. Iwo anangoti, "Tsegula, uwerenge."

"Achimwene, za chiyaninso? Zatha izi."

"Werenga, iwe."

Ndinawerenga yoyamba. Nditafika pa tsiku limene ankafunika ku khoti, anandiimitsa. Anawerengera pa zala, n'kufunsa mayi uja ngati linali Lachiwiri lija mbuzi za aneba zinalowa m'munda. Mayiyo anavomera.

"Tsiku limenelo ndinali pompano," anatero achimwene. "Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndinalibe chochita chilichonse."