Ulendo wa pa Sitima Imene Sindinakwere

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 8, mpunga utayamba kucha m'dambo la kwathu kwa Malengachanzi. Gulu lina la kutchalitchi linalengeza kuti lidzalipirira mtsikana mmodzi wa m'dera lathu sukulu ya sekondale yogonera konko. Linati atsikana akaonekere ku boma, akayankhe mafunso apakamwa m'Chingerezi, ndipo woyankha bwino ndiye adzatengedwe. Pasukulu pathu anasankha ine. Kunyumba tinkadziwa kuti mwayi umenewu ukandiphonya, sukulu yanga ithera pomwepo, chifukwa bambo anali atatisiya kale ndipo amayi ankangodalira kamunda ka mpunga.

Wondikonzekeretsa anali aphunzitsi athu a Chingerezi, a Mwafulirwa, munthu wamtali wochokera kumpoto, wokonda kuyenda ndi choko kukhutu. Iwo anali atamva kuti funso limodzi silisowa pa mayeso amenewa: fotokoza ulendo umene unayendapo ndi zokongola zimene unaona m'njira. Atandifunsa kumene ndinapitako, ndinayankha ndikuyang'ana pansi kuti ku Benga, kamodzi, kukaona azakhali atadwala.

"Chabwino, Agnesi. Unaona chiyani m'njira?"

Ndinaganiza kwa nthawi yaitali. Ulendowo tinakwera galimoto ya matola, ine nditapanikizika pakati pa matumba a usipa ndi mayi wina wonenepa wofukata tambala. Chimene ndinaona njira yonse chinali diso la tambalayo. Ndinawauza zomwezo, ndipo iwo anagwira mutu ndi manja onse awiri.

Mawa lake anabwera ndi yankho lokonza kale, lochokera m'buku lina lakale lopanda chikuto, nandiuza kuti ndiliroweze pamtima. M'yankhomo, ine Agnesi ndinali nditakwera sitima ya pamtunda. Ndinakhala pafupi ndi zenera, ndipo ndinaona mapiri ataliatali okutidwa ndi chipale chofewa, mathithi akugwa kuchokera m'matanthwe, ndi nkhosa zikudya msipu wobiriwira. Pomaliza ndinkayenera kupuma pang'ono ndi kunena kuti mtima wanga unadzaza ndi chimwemwe. Sitima ya pamtunda ndinali ndisanaionepo. Za chipale, aphunzitsi anandiuza kuti n'choyera mbee ndipo chimakhala pamwamba pa phiri. Ine m'maganizo mwanga ndinaona phiri lonse litayanikidwa makaka a chinangwa, ndipo ndinkadabwa kuti amene anawayanika kutali choncho akawaanula bwanji mvula ikabwera.

Ndinkayeserera kudambo, pa nsanja yoingitsira mbalame. Dzanja limodzi likukoka chingwe cha zitini, pakamwa pakutuluka mapiri ndi mathithi. Matope ankanunkha, udzudzu unkandiluma m'miyendo, ndipo mpheta zinazolowera Chingerezi changa mpaka zinasiya kuthawa. Mawu onse ndinawagwira bwino. Chimene sindinachigwire n'chakuti munthu anganene bwanji za mitengo ndi mapiri atafunsidwa za ulendo.

Kwathu mlendo akafika, timamuyalira mphasa, kumupatsa madzi, kenako wamkulu amati, "Tilandire malonje." Mlendoyo amayamba ndi kumene wachokera: wasiya ndani, ali bwanji, akudwala ndani, wamwalira ndani, mvula yagwa bwanji. Kenako amanena za m'njira, ngati anakumana ndi vuto, n'kumaliza ndi chimene wadzera. Omvera amaomba m'manja pang'onopang'ono n'kumati zikomo. Ndinali nditamva malonje ambirimbiri nditakhala kumbuyo kwa amayi, koma sindinamvepo mlendo akuti, "Ndinaona phiri ndipo mtima wanga unadzaza ndi chimwemwe." Akanatero, anthu akanayang'anizana.

Ndinafunsa atsibweni anga, amene ankapita ku Salima kawirikawiri kukagulitsa nsomba zouma, kuti amaona zokongola zanji m'njira. Anandiyang'ana ngati ndawafunsa za kumwezi.

"Zokongola? Msewu, mwana iwe. Ukufuna uone chiyaninso?"

Amayi nawo anawonjezera chisokonezo. Atamva tanthauzo la zimene ndinkaloweza, anaima ndi lichero m'manja nati, "Sitimayo unakwera liti? Ukanene bodza pamaso pa anthu a kutchalitchi?" Nditawauza aphunzitsi, iwo anati si bodza, ndi Chingerezi. Anawonjezanso kuti ndikalowa m'chipinda cha mayeso ndisagwade, ndipo ndiwayang'ane ofunsawo m'maso. Amayi anati mwana woyang'ana akulu m'maso ndi wamwano. Ine ndinkafuna kukondweretsa onse, choncho kusukulu ndinkavomera, kunyumba ndinkavomeranso.

Tsiku la mayeso atsibweni ananditenga pa njinga. Njira yonse ndinatong'ola maso kufunafuna zokongola, mwina ndingapeze zoona zoti ndinene. Ndinaona minda ya chinangwa, mitengo ya mango, mbuzi, ndi amayi atasenza nkhuni. Zonsezo kwathu zinaliko. Ndinafika ku boma khosi likuwawa, m'manja mulibe kanthu.

M'chipindamo munali anthu awiri kuseri kwa tebulo: mayi wina wa magalasi wochokera kutauni, wonunkhira mafuta abwino, ndi bambo wokalamba wa imvi, mkulu wa mpingo wa kuboma komweko. Mawondo anga anafuna kugwada, mutu unakumbuka aphunzitsi, ndipo ndinathera pakati, ngati munthu wotola singano. Mafunso oyamba anali a dzina ndi za kusukulu. Kenako funso lija linabwera, monga momwe a Mwafulirwa ananenera.

Ndinayamba bwino zedi. Sitima inanyamuka, mapiri anadutsa, mathithi anagwa, nkhosa zinadya msipu. Ndinapuma pamalo pake n'kunena za chimwemwe cha mumtima. Mayi uja anamwetulira, nandifunsa mofatsa m'Chingerezi kuti sitimayo ndinakwerera kuti.

M'buku muja munalibe siteshoni. Ndinayang'ana tebulo, ndinayang'ana nsapato zobwereka zimene zinkandithina, ndipo ndinanong'ona kuti sindikudziwa. Mayiyo anati atsikana atatu amene analowa ine ndisanalowe anakweranso sitima yomweyo, ndipo onse anaona nkhosa zomwezo. Ndiye anandipempha kuti ndifotokoze ulendo umene ndinayendadi.

Ulendo woona ndinkadziwa kuufotokoza m'njira imodzi yokha. Ndinapinda manja pamiyendo, ndinaweramitsa mutu, ndipo m'Chingerezi changa chodukaduka ndinayamba kupereka malonje. Ndinati tinanyamuka kwathu m'mawa, tinasiya amayi ali bwino, koma mng'ono wanga ankatsokomola. Ndinati mvula inali itagwa mokwanira ndipo mpunga unali utamera. M'njira sitinakumane ndi vuto, kupatula tayala limene linaphulika titangowoloka mlatho wa Chia, ndipo amuna anatsika kukathandiza. Ndinanena za tambala uja, kuti anandijompha pakhutu. Ku Benga tinapeza azakhali atayamba kudya phala, ndipo anatituma kuti tipereke moni kwa onse. Pomaliza ndinati chimene tinayendera n'chomwecho, palibe china.

Nditangotseka pakamwa ndinamva kuomba m'manja kwapansipansi. Anali bambo okalamba aja. Anali atatsinzina, ndipo mosaganiza anayankha m'Chichewa monga amachitira pakhomo pawo.

"Zikomo, zikomo. Nanga wotsokomolayo anachira?"

"Anachira, agogo," ndinatero, ndipo nthawi yomweyo ndinagwira pakamwa, pokumbukira kuti Chichewa n'choletsedwa m'chipindamo.

Mayi uja anaseka mpaka anavula magalasi. Atapukuta misozi anandifunsa ngati pa mlatho wa Chia, pamene tinaima nthawi yonseyo, sindinaone chilichonse chokongola. Ndinayankha zoona, kuti panali madzi. Anasekanso, nalemba kanthu, nandiuza kuti ndingapite.

Ndinatuluka ndikudziwa kuti ndalephera. Pa njinga pobwerera ndinalira mwakachetechete kumsana kwa atsibweni, ndipo kusukulu ndinkawazemba a Mwafulirwa. Patapita milungu ingapo, abusa anabwera okha kunyumba kudzanena kuti wosankhidwa ndine. Amayi analulutira mpaka nkhuku zinabalalika. Aphunzitsi anauza kalasi yonse kuti sitima yawo yagwira ntchito. Amayi anauza anzawo kudambo kuti mwana wawo anapambana chifukwa anakana bodza. Ine ndinavomera uku ndi uku monga mwa masiku onse, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene mayi uja analemba.

Masiku ano zinthu zinasintha. Ndikakwera basi kuchokera ku Lilongwe kumene ndimagwira ntchito, ndimaona achinyamata akukanganirana mpando wa pazenera, mafoni ali m'mwamba, kujambula mapiri ndi madambo kuti atumizire anzawo. Mwana wa mng'ono wanga amatha kufotokoza mtundu wa mitambo m'Chingerezi chosalala, koma ukamuuza kuti apereke malonje amangoti, "Tayenda bwino," n'kubwerera pa foni.

Nanenso ndinaphunzira kuyang'ana pazenera, ngakhale mochedwa. Ulendo wapitawu basi inachedwa pa mlatho wa Chia, ndipo ndinaona maluwa a m'madzi atatambasuka, mabwato akudutsa pakati pa bango, ndi akakowa oyera ataima m'mphepete. Nditafika kwathu, amayi anandiyalira mphasa nati alandire malonje. Ndinayamba ndi zimenezo. Ndinawauza kuti pa Chia panali pokongola kwambiri, moti mtima wanga unadzaza ndi chimwemwe.

Anandiyang'anitsitsa kwa kanthawi, nkhope ili ndi nkhawa.

"Agnesi, usazungulire. Kumene wachokerako wadwala ndani?"